Nyumba Imene a Tiansong Ankazengereza Kuwotcha

Mumzinda wa Quanzhou, mwezi wachisanu ndi chiwiri umabwera ndi alendo a mitundu iwiri. Ena amatsika sitima yothamanga ija, zikwama kumsana, mafoni m'manja, kufunsa komwe kukuvinidwa zidole za zingwe ndi komwe angamwe supu wa tiulusi ta ufa. Enawo sakwera sitima. Chipata cha kumizimu chikangotseguka, amalowa m'tinjira mwakachetechete ngati chinyezi, ndipo ife timawatcha abale abwino, chifukwa wanjala amene sukumuona sumutchula dzina loipa. Onsewa amafuna kudya, onsewa amafuna kuonerera, ndipo mwezi ukatha onse amabwerera kwawo.

A Hong Tiansong a m'Kanjira ka Kachere anagwirira ntchito anthu a kutsidyako moyo wawo wonse. Ankamanga nyumba za mapepala zowotchera akufa. Munthu akamwalira, abale ake ankabwera, kukhala pa timipando tatifupi, kumwa tiyi wa m'tikapu tating'ono, n'kuyamba kufotokoza: bambo athu ankakonda khonde lolowa mphepo, mayi athu ankadana ndi masitepe. A Tiansong ankamvetsera uku akung'amba nsungwi ndi mpeni. Pakapita masabata angapo nyumba inkaima m'shopumo, denga lake lopindikira m'mwamba ngati mchira wa namzeze, makoma ofiira ngati njerwa zathu, m'kati muli bedi, mbaula, wailesi yakanema, ndi antchito awiri a pepala odikirira mwini nyumba. Kenaka abale aja ankainyamula, kukaiyatsa moto, ndipo tiyi asanazizire m'kapu nyumba inkakhala itasamuka.

Kalipentala amatha kukutengerani pakhomo la munthu n'kunena kuti chitseko ichi ndinapanga ndine. A Tiansong analibe choloza. Chilichonse chimene manja awo anachita bwino chinakwera ndi utsi, ndipo chotsala m'shopu chinali chokhacho chimene ogula anachikana. Iwo sankadandaula nazo. Ankati mzinda wawo weniweni uli kutsidyako, misewu yathunthu ya nyumba zawo zokhazokha, ndipo tsiku lina adzayenda m'menemo manja kumbuyo, kuona ngati madenga sakudontha.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo awo pa zaka zimene inali yoletsedwa. Masiku amenewo bambo awo ankapanga maluwa akuluakulu a pepala a pa zionetsero. Koma mayi wamasiye akafika n'kuima pakhomo nthawi yaitali osanena chimene wadzera, ankamupatira m'dzanja kanyumba kakang'ono ngati bokosi la machesi, koma kokhala ndi chitseko chotseguka ndithu. "Kumeneko kakakula," ankatero monong'ona. Mwana ankangoyang'ana, zala zikuphunzira zokha.

Nkhope zokha ndi zimene zinamukanika mwanayo, ngakhale atakula n'kutenga shopu.

"Wantchito wanuyu bwanji akuoneka ngati nsomba yogonera pamsika?" anafunsa mtsikana wina tsiku lina.

Anali wa kumudzi wa kugombe, kumene akazi amakhalira kutsegula nkhono za m'nyanja, ndipo amazunguliza tsitsi ndi maluwa onunkhira ngakhale popita kumatope. Anabwera kudzagula zovala za pepala za bambo ake, amene nyanja inawatenga. Tiansong, akadali mnyamata wonyada, anayankha kuti akufa sasankha. Mtsikanayo anatola burashi patebulo, kuinyowetsa palilime, n'kukhudza nkhope ija kawiri katatu. Wantchito wa pepala uja anadzidzimuka, n'kukhala munthu woti ungamutume madzi. Dzina la mtsikanayo linali Bihua, ndipo chaka chisanathe burashi ija inali yake.

Anagawana ntchito motero mpaka imvi: mwamuna mafupa a nyumba, mkazi nkhope. Bihua ankasunga lamulo limodzi la ntchitoyi mosanyengerera. Nkhope ya pepala isafanane ndi munthu wamoyo, chifukwa chithunzi chikawoloka, mwini wake sachedwa kuchitsatira. Choncho mphuno ankabwereka kwa akufa akalekale, maso kwa ziboliboli za kukachisi. Akaona kuti nkhope yayamba kufanana ndi wogulitsa mbatata wa pakona, ankaing'amba nthawi yomweyo.

Mwana sanapatsidwe. Kwawo kwa Bihua ankatumiza nyali chaka ndi chaka pa mwezi woyamba, monga amachitira kwa mkwatibwi amene akudikirira mimba, mpaka chaka china nyali sizinabwere, ndipo palibe anafunsa chifukwa. Awiriwa ankagona m'kachipinda ka pamwamba pa shopu, ka zenera limodzi loyang'anizana ndi khoma la eni. Bihua akamaliza kupenta nyumba ya munthu wolemera, ya zipinda zoti n'kusocheramo, ankapukuta zala pansalu n'kufunsa:

"Nanga yanga liti, amisiri?"

"Mudzafe kaye, mayi. Ine sindimangira amoyo."

Ankaseka onse awiri. Nthabwala imeneyo inawatumikira zaka zambiri, mpaka nyengo ina yozizira Bihua anadwala chifuwa, ndipo pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri anachita zimene anauzidwazo.

Mwambo wathu umapereka zaka zitatu. Zikamatha, womwalira ayenera kukhala atalandira nyumba yake, apo ayi amatsala panja, pamodzi ndi anjala aja amene alibe wowakumbukira. Zaka zitatu kwa mmisiri ngati a Tiansong zinali nyanja ya nthawi. Nsungwi yoyamba anaing'amba maliro atangotha, koma nyumbayo inakana kutha. Anaika bwalo pakati, chitsime pambali, ndi mtengo wa zipatso za longani umene tsamba lililonse analidula palokha. Anaboola mazenera mbali zonse zinayi, kubwezera zenera limodzi lija. Kuseri kwa khitchini anapenta nyanja, kuti wophika aziona mafunde. Anapanga kabeseni ka nkhono ndi kampeni kake, ndi maluwa a m'tsitsi aang'ono ngati njere za mpunga. Akati tsopano yatha, ankakumbukira kuti Bihua ankazizidwa mapazi, n'kuyamba kudula masilipasi. Nyumba inakula mpaka kudya theka la shopu, ogula n'kumalowa cham'mbali ngati nkhanu.

Chinsinsi chake chinali chapafupi. Nthawi yonse imene nyumbayo inali m'shopu, Bihua anali wogula amene akudikirira katundu wake, ndipo wogula umatha kulankhula naye. "Masitepewa atalika, eti?" ankafunsa a Tiansong m'mawa, akumwa phala la mpunga ndi mbatata. Ankadikirira pang'ono, kugwedeza mutu, n'kuwafupikitsa.

Chaka chachitatu kunabwera Peiling, mdzukulu wa wogulitsa mankhwala azitsamba. Anapita kukaphunzira ku Melbourne, n'kubwerako ndi tsitsi lalifupi ndi chizolowezi chomwa madzi ozizira, chimene chinkadetsa nkhawa kanjira konse. Monga tonse amene tinachokako n'kubwerako, kanjira kobadwira ankakaona ngati kanthu ka m'galasi, kokongola, kotha kusweka, kofunika kuonetsa anthu. Anapeza ntchito yokonzera alendo zoti aone pa zikondwerero: nyali pa mwezi woyamba, anyamata ogwera m'madzi pofuna kugwira abakha pa mwezi wachisanu, zidole za zingwe pa wachisanu ndi chiwiri, tinsanja ta mapale toyaka moto pa wachisanu ndi chitatu. Tsiku limene anasuzumira m'shopu ya a Tiansong anaima pakhomo kukamwa yasa.

"Amalume, ichi n'chiyani?"

"Nyumba. Kunja kuja kulibe nyumba?"

"Ndiye mukufuna kuiwotcha? Imeneyi?"

"Nanga ikafika bwanji? Pa basi?"

Peiling anazungulira nyumbayo, kugwada, kusuzumira pa kazenera ka khitchini, n'kuona nyanja ija. Anadzuka maso ali ndi madzi.

"Koma amalume, tinene zoona. Inu mumakhulupirira kuti zimakafika?"

"Kaya, mwana wanga. Koma palibe anabwerapo kudzadandaula."

Posakhalitsa shopu ya a Tiansong inalowa pa njira ya alendo. Ankabwera m'magulu, kutsatira kambendera ka Peiling, atsikana ovala maluwa obwereka m'tsitsi, azibambo otuluka thukuta, ana ofuna kugwira chilichonse. Ankajambula chitsime, kujambula masilipasi, kufuula mokondwa akapeza kampeni ka nkhono. A Tiansong ankakhala pakona, akunamizira kung'amba nsungwi, koma makutu ali tcheru. Moyo wawo wonse palibe chimene anapanga chinayang'anidwapo nthawi yaitali chotero. Ndipo tsopano anali ndi yankho lopatsa aliyense wofunsa: alendo akuifuna.

Yankho limenelo silinagwire ntchito kwa mayi Jinzhi.

Mayi Jinzhi anali akulu ake a Bihua. Ankatsegulabe nkhono kumudzi kuja, maluwa ali ngwee m'tsitsi laimvi, dzino lagolide likuwala, mawu omveka tsidya la mtsinje. Anatsika basi m'mawa wina mwezi wa abale abwino utangoyamba, n'kuika ndowa yawo pakhomo la shopu ngati akutseka njira.

"Alamu, ndalota mkazi wanu."

"Khalani pansi kaye, alamu, mumwe tiyi. Maloto sathawa."

"Tiyi wanu wowawa ngati nkhope yanuyo mumwe nokha. Ndati ndalota Bihua. Waima pansi pa denga la nyumba ya eni, mvula ikugwa, maluwa a m'tsitsi anyowa onse. Ndikumufunsa kuti iwe, bwanji sukulowa? Akuti, achemwali, si kwathu kuno. Nyumba zonsezi anamanga ndi amuna anga, koma si kwathu."

A Tiansong anayang'ana pansi.

"Yatsala pang'ono," anatero. "Mpanda wa kumbuyo sunalimbe."

"Chaka chatha munati chitsime."

"Chitsime chinali chosaya."

"Chitsime cha pepala! Alamu, kodi mukufuna chitulutse madzi?"

"Komanso alendo..."

"Alendo! Mng'ono wanga akugona pakhonde ngati galu wosokera, inu mukuonetsa bedi lake kwa anthu a mafoni. Kodi munakwatira alendowo? Zaka zitatu zikutha mwezi uno. Chipata chikatsekedwa, basi, Bihua alowa m'gulu la opemphetsa, chaka chamawa azidzatola mpunga pamatebulo a eni. Tsiku limene kanjira kanu kadyetse abale abwino ndibweranso ndi wansembe. Mukadzandiuza za mpanda, ndidzakuyatsirani pamodzi ndi shopu yomwe."

Ananyamula ndowa yawo, n'kusiya patebulo mbale ya nkhono zotsegula kale, chifukwa ukali ndi ukali koma mlamu ayenera kudya.

Masana a tsiku limenelo kunatentha kwambiri, alendo sanabwere. A Tiansong anakhala pansi kutsogolo kwa nyumba ija, maso ali pa msinkhu wa chitseko, ndipo pang'onopang'ono, monga zinkachitikira masiku amenewo, chitsekocho chinakula. Analowa. Pansi pa mapazi awo pepala linali lozizira ngati mwala. Anadutsa pabwalo, masamba a longani akupanga kaphokoso ngakhale kunalibe mphepo. Kukhitchini kunkamveka kampeni kakugogoda chigoba, ndipo kupyola zenera nyanja ija inali itayamba kuyenda, mafunde aang'ono a utoto wobiriwira akubwera ndi kubwerera. Anafuna kuitana, koma anaopa kuti mawu a munthu wamoyo angang'ambe makoma. Anangoima pansi pa mtengo, kumvetsera kampeni kaja, mpaka njinga yamoto inalira m'kanjira, chitseko n'kubwerera mwakale, chaching'ono ngati chikhato.

Pamenepo anaona bwinobwino chimene ankachiopa. Nyumbayi ikapsa, Bihua adzalowa n'kutseka chitseko, ndipo iwo adzatsala kuno ndi theka la shopu lopanda kanthu. Ndipo tsiku lawo likadzakwana, adzawawotchera nyumba ndani? Mwana palibe, wophunzira ntchito palibe. Mmisiri wa mzinda wonse wa akufa adzafika kumeneko chimanjamanja.

Antchito awiri a nyumbayo analipo kale, mtsikana wophika ndi mnyamata wa pachipata, nkhope zawo zopentedwa ndi Bihua mwiniwake asanadwale. A Tiansong anatenga nsungwi zoonda, n'kumanga wachitatu, wokhala pansi. Anamupangira kampando. Anatsegula kabati, kutulutsa burashi imene sanaigwire chichokereni mwini wake, n'kukhala moyang'anizana ndi galasi la chitseko cha shopu. Dzanja limene linalephera nkhope moyo wonse tsiku limenelo silinaphonye. Anaika kadontho kakuda pachibwano. Anapendeketsa phewa lamanzere, limene linapindika ndi zaka zong'amba nsungwi. Anapinda kawaya kukhala magalasi, n'kumanga mwendo umodzi wa magalasiwo ndi ulusi wofiira. Kenaka anamulowetsa m'bwalo lapakati, kuseri kwa mtengo, pamene munthu woima panja sangaone. Lamulo la Bihua ankalidziwa bwino. Ndi chifukwa chake anachita zimenezo.

Tsiku la Kanjira ka Kachere linafika. Dzuwa litapendeka, pakhomo lililonse panatuluka tebulo: nkhuku, nsomba, nyama ya nkhumba, mpunga, zipatso, ndipo m'mbale iliyonse munazikidwa ndodo ya lubani. Pansi pa matebulo anaika mabeseni a madzi ndi tinsalu, kuti abale abwino asambe kumaso asanadye, poti achokera kutali. Utsi unadzaza kanjira mpaka anthu ankaoneka ngati akuyenda m'madzi. Amuna oyandikana nawo anachotsa matabwa a kutsogolo kwa shopu, n'kunyamula nyumba ija pamapewa, pang'onopang'ono, kupita nayo pabwalo la kuseri kwa kachisi. Inkayenda pamwamba pa mitu ya anthu, mazenera ake akuphethira, ngati ngalawa yotayika m'nkhungu. Alendo a mafoni ankaitsatira pambuyo.

Peiling anathamangira a Tiansong, kambendera kali m'khwapa.

"Amalume, ndimvereni komaliza. Ndalankhula ndi anthu. Pali chipinda cha magalasi, chozizira bwino, chopanda njenjete. Dzina lanu lidzalembedwa pakhoma. Mupange ina yaing'ono, muwotche imeneyo. Azakhali sangadziwe kusiyana."

"Bihua? Uja ankaona kusiyana kwa nsidze ziwiri za munthu mmodzi."

"Koma ikapsa sipatsala kanthu, amalume. Inuyo simutsala ndi kanthu."

"Usadandaule za ine," anatero a Tiansong modekha, ndipo kudekha kwawoko kunamudabwitsa mtsikanayo.

Pabwalo, wansembe wa mkanjo wofiira anaimba belu lake, kuitana dzina la Bihua ndi mudzi wobadwira, kuti nyumba isalandidwe ndi wina. Kenaka inakwana nthawi ya singano. Wantchito wa pepala amabadwa wogontha. Asanapite, wachibale amamuboola makutu, kumupatsa dzina, n'kumuuza ntchito yake, apo ayi amakangokhala kumeneko manja lende. Mayi Jinzhi anasolola singano m'tsitsi, n'kugwira mtsikana wophika uja.

"Iwe dzina lako ndiwe Chunhua. Wamva? Uzidzuka m'mawa. Mayi ako sakonda mchere wambiri. Akakutuma usamayankhe." Anaboola khutu lina ndi linzake, anthu akuseka. Anagwira mnyamata. "Iwe ndiwe Laifu. Chipata uzitseka. Anjala akabwera uziwapatsa, koma asalowe. Ndipo ndikadzabwera ine usadzandifunse kuti ndinu yani."

Atamaliza anawerama kuti awabwezere m'malo mwawo, mutu wonse kulowa pachipata cha nyumba ija. Anakhala chowerama nthawi yaitali. Atadzuka, m'dzanja lawo munali munthu wachitatu. Anapita kwa a Tiansong, n'kuima motembenuzira anthu msana, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mayi Jinzhi analankhula motsitsa mawu.

"Uyu ndani?"

"Wosamalira mtengo."

"Wosamalira mtengo wa kadontho pachibwano?"

"Inki inadontha."

"Inadonthanso phewa? Inadonthanso magalasi omanga ndi ulusi wofiira? Alamu, ndiyang'aneni."

A Tiansong anayang'ana belu la wansembe, anayang'ana utsi, kenaka anawayang'ana.

"Inu muli ndi ana, alamu. Muli ndi adzukulu odzaza basi. Tsiku lanu lidzakhala ndi moto wooneka ku Taiwan. Nanga ine? Ndamangira mzinda wonse, ndiye ndikagone pakhonde la eni? Ndimati nditsogoze kamunthuka kakandigwirire malo. Zikachitika msanga, zichitike. Kuno ndikudikirira chiyani?"

"Ndiye mwati mulowe m'nyumba ya mng'ono wanga mozemba ngati mbava, osaitanidwa? Mkazi wavutika zaka zitatu panja, tsiku loyamba kulowa m'nyumba yake apezemo maliro a mwamuna wake? Ndiye mphatso imeneyo?" Anakweza kamunthu kaja pafupi ndi maso. "Taonani, makutu osaboola. Mwafananadi."

A Tiansong anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka.

Mayi Jinzhi anawagwira dzanja, kulitambasula, n'kuikamo kamunthu kaja.

"Ine sindilanda zinthu za eni. Ngati mukufuna kupita, mubwezereni nokha, ine ndikuona, ndipo ndikakafika ndidzamuuza Bihua kuti ndinaona. Koma mukandipatsa, akakhala kwathu pamwamba pa kabati. Mwana wanga wamkulu ndimulumbiritsa lero lomwe pamaso pa makolo. Tsiku lanu likadzakwana lokha, losakokedwa ndi chingwe, adzawotcha kamunthuka, ndipo mudzalowa pachipata masana, Laifu akukutsegulirani. Sankhani msanga, wansembe akufuna kukadya."

Kamunthuko kanalibe kulemera kulikonse. A Tiansong anakamva kakugwedezeka m'chikhato ndi kamphepo ka kumtsinje, ngati kakufuna kunyamuka kokha. Anayang'ana m'bwalo la nyumba ija. Pansi pa mtengo panali kampando kopanda munthu, ndipo anaona kuti Bihua akadzatuluka kukhitchini ndi beseni lake, adzakaona, adzadziwa mwini wake, ndipo sadzalola wina kukhalapo.

Anapereka kamunthu kaja kwa mayi Jinzhi.

"Mpandowo usiyeni momwemo," anatero.

"Ndani wati auchotsa? Tengani moto."

Anayatsa pa ngodya ya kum'mawa, monga bambo awo ankachitira. Moto unayamba mwaulemu, kunyambita mpanda wa kumbuyo uja, kenaka unalowa. Kwa kanthawi nyumba yonse inawala kuchokera m'kati, zenera lililonse lili ndi nyali yake, ngati mwini wake wafika ndipo akuyenda chipinda ndi chipinda kuona zimene amukonzera. Nyanja ya kukhitchini inawira. Masamba a longani ananyamuka limodzilimodzi, ofiira, kukwera kupyola denga la kachisi, n'kuzimira m'mwamba mmene munali mukadali kuwala kwa dzuwa. Denga linagwada pang'onopang'ono. Nsungwi zinalira ngati zala zothyoledwa. Kenaka panatsala phulusa loyera, lopepuka, likuyendayenda pabwalo.

Alendo ena anaomba m'manja, ena anachita manyazi n'kusiya. Bambo wina wa chipewa anafunsa Peiling kuti mawa ziyamba nthawi yanji. Peiling anapukuta mphuno ndi kambendera kake.

"Mawa kuli zidole za zingwe, bambo," anayankha. "Izi zatha."

Lubani atatha m'mbale, matebulo analowetsedwa m'nyumba ndipo amoyo anayamba kudya zimene abale abwino anasiya. Amati chakudya chimenecho chimakhala chitatha kukoma, poti eni ake adya fungo. A Tiansong anadya mbale ziwiri, akudabwa njala yawo. Kenaka anaperekeza mayi Jinzhi kokwerera basi, kunja kusanade. Ankayenda pang'onopang'ono, mayiwo atanyamula ndowa yawo, ndipo pamwamba pake, pokulungidwa ndi mpango, pankatulukira timapazi tiwiri ta pepala.

"Nanga mukayamba ndinu, alamu? Pajatu ndinu akulu."

"Ndiye mundimangira nyumba, pafupi ndi ya mng'ono wanga. Koma mpanda wake ukhale wautali, ndisamadzakumveni mukutsokomola."

"Mukudziwa kuti ndimachedwa."

"Chedwani. Ine sindikuthamangira."

Basi inafika. Mayi Jinzhi anakwera, kukankha anthu ndi ndowa, n'kupeza malo pazenera. Chitseko chinatsekeka, basi n'kuyamba kusuntha. Pamenepo a Tiansong anakumbukira kanthu. Anayamba kuthamanga m'mbali mwa basiyo, phewa likupendekera, dzanja limodzi litagwira magalasi, linalo likumenya galasi la zenera, anthu a mafoni akupatuka.

"Alamu! Alamu! Musamuike pafupi ndi mbaula!"